Malo a Kumanja Kwanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Banket tilipo. Mvula sinayambe, koma mitambo yayamba kusonkhana masana, ndipo kutentha kwake ndi kuja munkati kuphika mazira nkhuku isanaikire. Chimanga chinachita bwino pakamunda kamene anatibwereka kuseri kwa komboni. Nkhokwe sinadzaze, komabe mpaka lero sitinagule ufa. Mjigo uja unathyokanso, tikutunga kudamu. Mabalani a fodya amene bambo anagwiramo ntchito moyo wawo wonse anagwa madenga, tsopano mukukhala mileme. Ndikamadutsapo ndimamvabe kafungo ka fodya wowotcha, kapena mwina ndi mphuno yanga imene ikukana kuiwala.

Mdzukulu wanu Rudo, mwana wanga uja, anabereka mwana wamkazi nthawi yozizira. Anamutcha Elina, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, ndipo akakwiya amakwinya nkhope monga munkachitira foromani akakubwezerani fodya kuti musankhenso. Amake amamulankhula Chishona chokhachokha. Ine ndikamunyamula ndimamunong'oneza Chichewa, kuti tsiku lina mukadzakumana musadzasowe chokambirana.

Koma chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya mzime wanu, mlongo wanga Esinati.

Mukukumbukira chaka chija anamudula bere la kumanzere chifukwa cha khansa. Inu munali mudakali ndi mphamvu. Munamusokera kapilo kakang'ono, n'kuikamo thonje lokunkha m'munda wa bwana, kuti azivala mkati mwa diresi. Iye ankalira kuti sadzatulukanso pakhomo, inu munangomukankhira mbale n'kunena kuti, "Idya kaye, zolira uchita utakhuta." Anadya, ndipo pasanapite nthawi anabwerera kukwaya. Kapilo kaja akadali nako. Nsalu yake wasintha kangapo, thonje ndi lomwe lija munakunkha inu.

Mwezi watha akusamba anapeza kachotupa m'khwapa, mbali yomweyo ya chipsera. Sanandiuze msanga. Chimwalirire mkazi wanga, amake Rudo, Esinati ndiye amandiphikira ndi kundichapira, choncho ndinaona ndekha kuti wayamba kutula ndowa ndi dzanja limodzi. Nditamufunsa anavomera. Tinakwera kombi kupita ku Chinhoyi. Adokotala anabaya ndi singano n'kutengapo kanyama kuti akakayeze ku Harare. Anati mwina khansa ija yabwerera, mwina ndi chotupa wamba, adzatiimbira foni zotsatira zikatuluka. Chiyambire tsikulo foni imakhala m'thumba la malaya anga, chifukwa iye akukana kuigwira. Ikalira tonse timaima chilili. Kawirikawiri amakhala Rudo, kufunsa ngati aimba.

Esinati akupitabe kumaricho, maganyu aja tikudalira masiku ano. Akuzula mbande za fodya kunazale. Ndinamuletsa, iye n'kundiyankha kuti akakhala pakhomo dzanja limangothamangira m'khwapa, bola likhale m'dothi.

Mukudziwa kuti njira ya kutchalitchi imadutsa m'mphepete mwa mabulugamu, pamene mwagona inu ndi bambo. Mbali imeneyo ya pulazi, munda wa bwana uja, inapatsidwa kwa bambo wina wochokera ku Harare, timangowatcha ndi mfunda wawo, a Mhofu. Si munthu woipa, koma chaka chilichonse thirakitala yawo imadya pang'ono m'mbali mwa manda. Kumandako bambo athu ali kumanzere kwanu. Kumanja kwanu kwatsala kamalo ka munthu mmodzi, kupitirira apo ndi mizere.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, Esinati anaima panjira n'kuloza ndi chibwano.

"Achimwene, mukapemphe malo awo kwa a Mhofu. Mvula ikagwa pamenepo pamera chimanga."

Ndinamuuza kuti asalaule, zotsatira sizinabwere.

"Adokotala akhoza kuchedwa, wa thirakitala sachedwa," anatero. "Mukufuna mukandisiye kumanda a kutauni, pakati pa anthu osandidziwa? Ine wokonda kucheza chonchi, ndizikacheza ndi ndani?"

Ananena akuseka, koma maso ake sankaseka.

Ndinakana, Amayi. Kwa masiku angapo ndinkangosintha nkhani. Kupemphera munthu wamoyo malo kumanda ndi kumuitanira imfa, tonse tinakula tikudziwa zimenezo. Nanga ine, mlongo wake, ndikhale woyamba kuvomera kuti akupita, adokotala asanalankhule?

Kenako ndinayamba kuganiza za mpongozi wanu, amake Rudo. Atamwalira, abale ake anabwera ndi lole n'kumutengera kwawo ku Guruve, monga mwa mwambo wawo. Ine ndinalibe mawu, poti mudzi woti ndiwalozere ndinalibe. Ndikapitako ndimaima pamanda a mkazi wanga ngati mlendo, wina ali pambali kudikira kuti ndimalize andiperekeze. Ndinakumbukiranso mmene munkayankhira anthu akakufunsani chifukwa chake simubwerera ku Ntcheu. Munkati, "Ndikapezako ndani? Abale anga onse ali m'mabulugamu umu." Ife kwathu ndi pamenepo, Amayi. Pakalimidwa ndiye kuti tatsala opanda kwathu.

Loweruka m'mawa ndinavala jekete n'kupita. Ndinawapeza a Mhofu kushedi akuyang'anira anyamata omanga pulawo. Ndinavula chipewa, tinapatsana moni. Nditangotchula za manda, nawonso anavula chawo n'kundigwira dzanja.

"Nematambudziko, sekuru. Ndiani atisiya?"

Anali kundipepesa maliro m'Chishona, kufunsa kuti watisiya ndani. Dzina la Esinati sindinalitchule. Ndinaona kuti ndikalitchula poyankha funso limenelo, ndiye kuti ndamuika kale m'gulu lanu. Ndinati palibe wamwalira. Ndinati malowo ndi anga, ndakalamba, mkazi wanga anagona kutali, ndikufuna ndidzagone pafupi ndi amayi anga.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka. Anati anthu a ku Malawi timayala mphasa dzuwa lili paliwombo, komanso kuti ine ndikuoneka wamphamvu kuposa dalaivala wawo. Koma anavomera. Anati ndiikepo chizindikiro choti wa thirakitala achione ali patali.

Miyala sindinaike, miyala ndi ya akufa. Ndinazula khonje kumpanda wakale wa dibi la ng'ombe n'kudzala mzere kumanja kwanu. Ngati munamva khasu likugunda pafupi ndi inu tsiku limenelo, ndinali ine. Pepani kuti sindinaodire.

Nditabwerera ndinamufotokozera Esinati zonse, osabisa kanthu. Anaika manja m'chiuno ngati inu.

"Ndiye mwandilanda malo? Ndakutumani ngati munthu wamkulu, inu mwakadzipemphera nokha!"

Ndinamuuza kuti wamkulu ndine, woyamba kupita ndine, iye adzaona pambuyo.

"Chabwino," anatero. "Koma ndikadzabwera musendeze. Tidzagona mopanikizana ngati pamphasa ija ya kukomboni, inu mukundilanda bulangeti."

Anaseka mpaka kugwira m'khwapa. Kenako anayang'ana kumabulugamu, n'kunena motsitsa kuti, "Mwachita bwino, achimwene." Sindikudziwa ngati ankathokoza kuti malo apezeka, kapena kuti sindinamutchule dzina. Sindinafunse.

Zotsatira sizinabwerebe. Sindikudziwa chimene adokotala adzanene. Ngati ndi chotupa wamba, tidzaphera nkhuku kwaya yonse. Ngati khansa yabwerera, ndidzakwera naye kombi ulendo uliwonse wa ku Harare, ndidzaphunzira kuphika ndi kuchapa, ngakhale adzandiseke. Zimenezo musade nazo nkhawa.

Pempho langa ndi limodzi. Tili ana tinkakonda kukutsatani kushedi yosankhira fodya, Esinati ali kumbuyo kwanga atagwira malaya anga. Mukatiwona pakhomo munkatibweza ndi dzanja, osadzuka n'komwe pabenchi, mukuti, "Bwererani kunyumba, kuno si kwa ana." Mukamuona akusuzumira kumeneko, mumubweze chimodzimodzi. Inu amakumverani.

Mupereke moni kwa bambo, komanso kwa amake Rudo ngati njira ya ku Guruve imafika kumene muliko. Ndimakukondani monga kale, ngakhale sindinali munthu wonena zimenezi muli moyo. Malo a kumanja kwanu ndawapempha m'dzina langa, ndipo ndikukulonjezani kuti ndiziwalambula, ndi kuwasunga opanda munthu kufikira nditabwera ine.

Ndine mwana wanu,
Layisoni