Anabwereka zovala za mwana wanga kuti aseweretse umphawi

Aphungu,

Mukapeza mawu okhadzula m'kalatayi mundikhululukire. Ndine mayi wa ana atatu. Ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita pasukulu ina yogonera komweko, ya ana a anthu opeza bwino. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala m'chipinda chochapiramo chija, zala mpaka kusweka ndi sopo. Malipiro ake musafunse, koma chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti wantchito aliyense amaloledwa kuphunzitsa mwana mmodzi ulere. Wanga woyamba, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali m'kalasi lomaliza, ndipo mayeso atsala miyezi inayi. Ana a antchito alipo asanu: wanga, wa mlonda, wa dalaivala ndi awiri a ophika.

Teremu ino kalabu ya zisudzo yalemba sewero loti idzaonetse pa tsiku la makolo. Ndi nkhani ya magulu awiri a achinyamata olimbirana bwalo la mpira: a Pamtunda, ana a m'nyumba za mipanda, ndi a Kudambo, ana a m'tinyumba ta kumunsi. Ati cholinga chake n'kuphunzitsa chikondi. Chikondi chake chimenecho! Mapepalawo ndawerenga ndekha. A Pamtunda ali ndi mayina, ali ndi makolo, amalankhula zanzeru. A Kudambo ntchito yawo n'kuba mafoni, kutukwana ndi kulavula paliponse. Pamapeto mtsogoleri wawo amagwada n'kupepesa, a Pamtunda n'kumugulira nsapato, anthu n'kuwomba m'manja. Udindo wogwadawo anapatsa ndani? Mwana wanga. Ndipo ana a antchito onse asanu anawaponya Kudambo, ati zimawakhala.

Zimenezo ndinameza. Chomwe chandiima pakhosi ndi ichi. Mphunzitsi wa zisudzo anauza mwana wanga kuti abweretse zovala zake za kunyumba, zoti avale iyeyo ndi ana atatu olemera omwe anawonjezera kuti gulu la Kudambo likwane. Iye kwa ine anangoti, "Amayi, akufuna zovala za sewero." Ine kupusa kwanga ndinasankha zabwinozabwino, ndinachapa, ndinasita mpaka kolala kuima njo, kuti mwana wanga asakachite manyazi pakati pa anzake.

Lachitatu ndikukhuthula dengu la zochapa, ndinapeza thumba lolembedwa kuti, "Osachapa, ndi za sewero." Nditsegule, ndi malaya abuluu a mwana wanga, amene amavala pa ulendo pokha, mkono atadula ndi sizasi, kumsana matope okhaokha. Mathalauza awiri anawaboola m'mawondo. Nditamufunsa anayankha maso ali pansi: "Aphunzitsi anati zayera kwambiri, sizikuoneka zaumphawi, ndiye anauza anyamata kuti azikonze." Azikonze! Aphungu, umphawi wathu weniweniwu sunawakwanire, mpaka akauwonjezere ndi sizasi?

Tsopano sewerolo latuluka m'holo, layamba kuyenda m'makonde. Ana athu akamadutsa, anzawo amagwira matumba n'kumakuwa kuti, "Bisani mafoni, dambo lasefukira!" Ana asanu aja kale sankayenderana n'komwe, koma lero amadyera pamodzi kuseri kwa khitchini, ndipo dzina lija alilandira, akudzitchula okha a Kudambo. Dzana ndikuyanika nsalu zapabedi ndinamva ndi makutu angawa mwana wa mlonda akuti, "M'sewero muja muli ndewu yonamizira. Tsikulo zibakera zikhale zenizeni, makolo awo akuonerera." Wanga anati, "Mtsogoleri wa a Pamtundayo mundisiyire ine."

Ndiulule, sindinawaletse. Titafika kunyumba ndinachita kunena kuti, "Ndikanakhala mwamuna ine, bwenzi wina atalavula dzino." Mtima wina ukufuna ndithu kuti kamwana konyadako kalawe fumbi. Koma lamulo la pasukulupo ndikulidziwa: womenya mnzake amachotsedwa tsiku lomwelo. Ndikapita kukakalipa kwa ahedi, ntchito ingathe, malo a mwana n'kuthera pomwepo. Ndikakhala chete ndiye kuti ndavomereza chipongwechi. Sewerolo ndi Loweruka, kwatsala masabata awiri. Nditani ine?

T.L.K., kuseri kwa njanji

Mayi,

Kwiyani ndithu, inenso ndakwiya nanu. Zimene wachita mphunzitsiyo si luso ayi, ndi mwano. Munthu woganiza kuti wosauka ndi wauve sanalowepo m'nyumba ya wosauka, ndipo sadziwa kuti mwini malaya awiri ndi amene amawasamala ngati dzira. Sewero limene mbali imodzi muli anthu, mbali inayo muli mbava zokhazokha, ndi lolembedwa mwaulesi. Ana a kalabuyo alemba zimene amaona ali pawindo la galimoto, ndipo wamkulu woti awawongole ndi amene anawatuma kukatenga sizasi.

Koma nanunso simupulumuka, ndikudzudzulani. Mawu anu a dzino aja mnyamata sanawamve ngati kudandaula, anawamva ngati chilolezo cha mayi ake. Mwasonkhezera moto m'nyumba mwanu momwe. Lero lomwe mukhale naye pansi, muwabweze mawuwo. Kupepesa kwa mwana sikuthyola msana. Mukatero mumufunse kuti sewerolo likuti a Kudambo ndi anthu otani. Akakuyankhani kuti andewu, mumuuze kuti akadzangoponya chibakera pamaso pa makolo aja, ndiye kuti wawachitira umboni olemba aja. Holo yonse idzabalalika ikunena kuti, "Tinkanena ife."

Malayawo musachape, musasoke. Ndi mboni yanu imeneyo. Mawa mupeze mlonda, dalaivala ndi ophika aja, muwauze zonse zimene munamva muli pachingwe choyanikira, chifukwa ana awo ali pangozi yomweyo. Za chiwembu cha anawo muthane nazo nokhanokha makolo, aliyense ndi wake. Mukakaulula kuofesi mukhoza kuwachotsetsa nokha sukulu asanakhudze n'komwe munthu.

Kenako nonse asanu mupemphe nthawi yoonana ndi ahedi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kuchotsa wochapa mmodzi n'kosavuta, koma ndikufuna ndimuone bwana amene angachotse wochapa, mlonda, dalaivala ndi ophika awiri tsiku limodzi, ana n'kugona ndi njala geti lili lotsegula. Mupite monga makolo, mutavala zanu, osati yunifolomu. Mukafika yalani malayawo patebulo, musakuwe, musaloze munthu chala. Aloleni ahedi ayang'ane mkono wodulidwawo mpaka achite manyazi okha.

Mukatero nenani zimene mukufuna. Zovala zowonongekazo sukulu ibweze. Kutonza kwa m'makonde kuthe, ndipo ahedi anene okha pamsonkhano wa ana onse. Maudindo a m'sewero agawidwenso mwa maere, mwina mwana wa bwana n'kudziwako kulimba kwa simenti pogwada. Chachikulu, ana asanuwo apatsidwe cholembera kuti mawu a gulu la Kudambo alembe ndi iwowo. Awapatse mayina, awapatse amayi odzuka m'mamawa, anene chifukwa chake bwalolo akulifuna. Mkwiyo umene mwana wanu wausunga m'chibakera ukhoza kugwira ntchito yabwino papepala.

Ahedi akakana, anawo atuluke m'sewerolo onse pamodzi, mwaulemu, masiku akadalipo. Sindikhulupirira kuti pali lamulo lochotsa mwana sukulu chifukwa wakana kuvala nsanza. Otsalawo akavale okha zong'ambazo, adzigwadire okha.

Chenjezo langa ndi ili: musakhutire chifukwa chakuti mnyamatayo wagwedeza mutu. Analonjeza pamaso pa anzake, ndipo pa msinkhu umenewo kutchedwa wamantha kumawawa kuposa chikwapu. Likafika Lachisanu lomaliza mtima wanu ukukayikabe, asakwere pasiteji, olo alire, olo akukwiyireni mwezi wathunthu. Ndewu imeneyi mtengo wake si umodzi. Mwana wolemerayo akathyoka mphuno, bambo ake amuthamangira naye kuchipatala, Lolemba ali m'kalasi ndi bandeji, anzake akumupepesa. Wanuyo Lolemba limenelo lidzamupeza atakhala pakhonde kunyumba, mabuku ali m'thumba, ndipo palibe amene adzafunse kuti anayamba ndani.

Phungu wanu