Mawu a M'khutu mwa Otávio

Lachinayi, 6 Novembala

São Paulo. Mitambo, chinyezi. Nkhawa yanga sabata ino ndi yochititsa manyazi: ndikuopa kuti Otávio atsogola pa mpikisano wa galimoto wa Lamlungu.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili injiniya wake, moti amanditchula mlongo ngakhale sitili pachibale. Akalowa m'galimoto samva munthu wina pawailesi koma ine. Za matayala, za mvula, za amene akumusendera kumbuyo, zonse amamvera kwa ine, ndipo safunsa kawiri. Pa liwiro lotere munthu alibe nthawi yokayikira mawu.

Msonkhano m'mawa. Timu ili ndi galimoto ziwiri, koma chikho cha chaka amatenga dalaivala mmodzi. Dalaivala wathu winayo, Lennart, watsala pang'ono kuchigwira, Otávio ali kutali. Bwana Fontoura anati, "Pano ndife banja limodzi." Inde. Pabanjapo wina ndi mwana, wina ndi wolera mwana.

Otávio zaka 36. Kwawo kuno sanapambanepo.

Loweruka, 8 Novembala

Otávio wathamanga kuposa onse poyesana nthawi. Mawa ayambira patsogolo penipeni, Lennart pambuyo pake. Amakaniko kuvina. Ine sindinavine nawo.

Bambo a Otávio, a Anselmo, anabwera ndi thumba la timikate ta tchizi, monga chaka chilichonse. Anati kwa ine, "Marilene mwana wanga, umuuze asagone pakona yoyamba ija. Ulesi anatengera amalume ake." Otávio kuseka: "Ababa, inuyo njinga yakapalasa yomwe inakugwetsani." Mpando wawo wayang'anizana ndi mzere womalizira. Safuna kukhala ndi alendo a timu, ati kumeneko anthu sakuwa.

Ndinafunsa bwana kuti zikatha mmene ayambiramu titani. "Tiona mawa." Mawu amenewo ndimawadziwa.

Lamlungu, 9 Novembala

Otávio anatsogola chiyambire. Kuzungulira bwalo ka 68, osalakwitsa pena paliponse. Kutatsala katatu, dzanja la bwana paphewa panga. "Muuze."

Bwana sagwira wailesi. Ndi mmene ntchitoyi imayendera: lamulo lowawa limapita ndi mawu amene dalaivala amawakhulupirira. Ndinadina batani. Ndinati amupatse njira Lennart.

Anadutsa makona awiri. Kenako, "Mlongo, ukunenazi ndiwe kapena ndi iwowo?"

Ndikanati ndi iwowo akanapitirira, ndikumudziwa. Akanapambana. Mwina akanachotsedwa ntchito, ine limodzi. Dzanja lija lidakali paphewa.

Ndinati, "Ndine."

Anachepetsa liwiro pamsewu wowongoka wopita ku mzere womalizira, pamaso pa bambo ake. Lennart vuu, kudutsa. Anthu kukuwiza, kuponya makapu a mowa. Ena kutukwana Otávio yemweyo, ati alibe mtima wachimuna. Lennart woyamba, Otávio wachiwiri.

Bwana anandisisita pamsana. "Wagwira ntchito, Marilene." Ndinapita kukasamba m'manja kawiri.

A Anselmo sindinawaone.

Lachitatu, 12 Novembala

Otávio amuwonjezera chaka china pa kontrakiti. Nyuzipepala zikuti ndi dalaivala wokhulupirika. Galu nayenso timamuyamika choncho.

Wasaina, koma wapempha chinthu chimodzi: injiniya wina. Bwana avomera osaphethira. Anandiuza yekha Otávio, mwaulemu, akuthira khofi ku ofesi. "Sindinakwiye, Marilene. Ndikungofuna mawu amene ndingathe kuwakana."

Marilene. Osati mlongo.

Ndinayamba kumufotokozera za mapointi, mmene ndimafotokozera zonse, pang'onopang'ono, ndi manambala. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandipatsa kapu ya khofiyo, wopanda shuga monga ndimakondera, n'kutuluka.

Thumba la a Anselmo ndalipeza m'chikwama changa. Timikate tatsala titatu, touma gwa. Kutaya ndalephera. Ndadya kamodzi.