Munda wa Kumapeto kwa Ngalande

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno tilipo ndithu. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Agnesi wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira inu polowetsa ulusi pa singano. Madzi a m'nyanja abwereranso, matemba ayamba kuoneka pamsika. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, achimwene anabwera kudzafolera. Mbuzi yanu yakuda ija ikadali moyo, ndipo kuba sinasiye.

Koma chandikhazika pansi lero ndi china. Ndili ndi funso limene ndikadakufunsani mukadali moyo, ndikadadziwa kuti lilipo.

Amuna anga, bambo a Chisomo, sanabwerebe ku Joni. Paja ananyamuka inu mutayamba kale kudwala. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse, kenaka mwa apo ndi apo, pano nambala yawo sipezeka n'komwe. Ena akuti anawaona ali bwinobwino, ena akuti ali ndi mkazi kumeneko. Ine sindikudziwa. Kupemphera sindinasiye, koma panali masabata amene ndinkagwada n'kusowa chonena, mpaka mawondo kuwawa, n'kungodzuka.

Kusikimu ya mpunga ku Likangala, munda woyandikana ndi wanga ndi wa a Makwinja, bambo amene akazi awo anamwalira zaka zapitazo. Simunawadziwe, anabwera inu mutatisiya. Si munthu wolongolola. Chaka chatha mgula wotchinga madzi m'munda mwanga unagumuka, ndipo m'mawa mwake ndinapeza atauwumba kale. Nthawi yowokera mbande zanga zinaperewera, anandigawira zawo. Mpunga utayamba kucha, akamaingitsa mbalame kwawo ankaingitsanso kwanga. Masana tinkapuma pamthunzi umodzi, aliyense ndi mbatata yake. Ankandifunsa kuti, "Mayi a Chisomo, chifuwa cha mwana chija chili bwanji?" Amayi, munthu kukumbukira chifuwa cha mwana wanga pamene bambo wake sakudziwa ngakhale kalasi imene ali. Ndinayamba kudzuka ndi mtima wopepuka. Ndinayamba kusankha chitenje chovala kumunda, ine amene ndinkangotola chimene chili pafupi.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti ndinkayesa mayesero amabwera ndi nkhope yoopsa. Abusa akamalalikira, umaona ngati ndi chinthu choti ungachizindikire chikadali patali n'kuthawa. Anga anabwera atanyamula khasu, aulemu, opereka moni pogwira pamtima. Kodi n'chifukwa chiyani simunandiuze kuti amathanso kubwera chonchi?

Tsiku lina tikumanga mitolo anati, "Ine ndili ndekha, inunso muli nokha. Sindikukukakamizani. Koma Loweruka ndikupita ku chilumba cha Chisi kukaona alongo anga, ndipo m'botimo malo alipo." Sindinavomere. Komanso sindinakane. Ndinangoti ndamva, n'kusenza mtolo wanga.

Ndinasowa womuuza. Kwa amayi a kumpingo ndinaopa, nkhani imafika kumsika iwe usanafike pakhomo. Ndinapita kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono, a Fanesi. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, ndinakhala nawo n'kuwauza zonse. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Iwo anangoseka pang'ono n'kunena kuti, "Iwe ndiwedi mwana wa mayi ako. Ukuikumbuka njira imene munkadzera popita kutchalitchi?"

Ndingaiiwale bwanji? Anthu onse ankadutsa mumsewu wa pamsika, ife tokha munkatidutsitsa kudambo, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Tikadandaula munkati, "Yendani, Mulungu sayang'ana matope a kumapazi." Ine ndinkangoti ndi khalidwe lanu basi.

A Fanesi anati pamsika paja panali telala wina amene ankasoka pakhonde la golosale. Inali nthawi imene abambo anapita kumaesiteti a tiyi n'kukhala chete zaka zingapo. Akuti telalayo ndi amene ankatisokera madiresi a Khirisimasi, ndipo tsiku lina anakuuzani mawu a chikondi, inu n'kusiya msewu uja. Ndinafunsa kuti, "Ndiye amayi anadana naye?" Iwo anati, "Akadadana naye akadasiyiranji msewu? Munthu amene wadana naye umamudutsa pamaso osamva kanthu."

Amayi, n'zoona zimenezi? Inu amene munkatsogolera nyimbo pamaliro, amene anthu ankakutumizirani atsikana awo kuti muwalangize? Ndakhala ndikuyesa kukuonani muli wamsinkhu wanga, mtima ukugunda pomva phokoso la makina osokera, koma nkhope imene ikubwera ndi ya imvi ija. Kodi munkapempha Mulungu kuti akuchotsereni maganizowo, kapena munkangomupempha mphamvu zodutsira kudambo Lamulungu limenelo? Nanga abambo atabwerera, munawauza? Sindikufunsa kuti ndikuchititseni manyazi ayi. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikumva ngati ndakumana nanu koyamba.

Ndinakumbukiranso mawu ena amene munkandiuza ndikamanyinyirika kupita kuchitsime: "Pemphera, koma miyendo ndi yako." Lachisanu m'mawa ndinawapeza a Makwinja akunola chikwakwa. Ndinati, "Bambo, ndinu munthu wabwino, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ndinalumbira pamaso pa Mulungu, ndipo amene ndinalumbira nawo sanandiuze kuti zatha. Ku Chisi sindipita." Anaika chikwakwa chija pansi. Kenaka anati, "Ndamva, mayi. Pepani ngati ndakulemetsani." Akadakwiya zikadandipepukira.

Titatha kukolola ndinapempha alamu, amuna a Agnesi, kuti tisinthane minda. Wawo unali kumapeto kwa ngalande, kumene madzi amafika ena onse atathirira. Anandifunsa kangapo ngati mutu wanga ukuyenda bwino, koma anavomera. Chaka chino ndalima kumeneko. Mpunga wachepa, sindikubisirani, ndipo mbalame ndaingitsa ndekha mpaka mawu kusasa. Koma tidya, sitigona ndi njala.

A Makwinja ndimawaona patali. Amakweza dzanja, inenso ndimakweza, aliyense n'kuweramira ntchito yake. Sindinganame kuti mumtima mwatheratu. Masiku ena ndimadzifunsa ngati sindinataye chinthu chabwino chifukwa cha munthu amene anandiiwala kalekale. Koma ndikagwada mawu akubwera tsopano, ngakhale ena ndi odandaula. Ankhoswe avomera kutumiza uthenga kudzera kwa anyamata a kuno amene ali ku Joni, kuti bambo a Chisomo anene pamene aima. Ngati banja latha, lithe masana, anthu akuona, ine mutu uli m'mwamba. Ngati lilipo, abwere tidzakambirane.

Funso lomaliza ndi ili, ndipo ndi limene ndikufunitsitsa yankho lake: kodi zinasiya liti kuwawa? Kapena munapita nazo? A Fanesi akuti sakudziwa, simunatchulenso dzina la telala uja mpaka tsiku lomaliza.

Ndimakukondani, Amayi, mwinanso kuposa kale, popeza ndadziwa kuti sizinali zophweka kwa inu. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Chisomo akadzakula, sadzamva za ine kwa munthu wina pakhonde ine nditapita. Ndidzamukhazika pansi, ndidzamuuza ndekha, adzafunse mafunso ake onse ndikadali ndi pakamwa poyankhira.

Ndine mwana wanu,
Esinati