Wagamula, Mwasiti?

Lolemba, 3 Juni

A Firmino, namwino uja, abweranso pa thandala pomwe ndimayanika usipa. Kuchipatala cha ku Metangula awasamutsa, akupita ku Cuamba mwezi ukatha, ndipo akufuna andikwatire, tipitire limodzi, ine ndi mwana wanga Leia.

Kwawo ndi ku Quelimane, Chinyanja chawo n'chotolatola. Aima chilili, chipewa m'manja, n'kufunsa kuti, "Wagamula, Mwasiti?" Ndaseka mpaka misozi. Ndawauza kuti kugamula n'kwa pabwalo, munthu akaba mbuzi. Afunsa kuti nanga anene bwanji. Ndati mkazi amalola kapena kukana. Ati ndiye lola. Ndati ndiganize kaye.

Chimwalirire bambo a Leia, sindinasekepo chonchi.

Lachiwiri, 4 Juni

Mwera. Ngalawa zonse zili pamtunda. Ndatandala pakhonde ndi mayi, kusankha nyemba. Maso awo achita chifunga, ndiye amasankha ndi zala. Yofumbwa amaimva, n'kuiponyera nkhuku.

Ine manja pa lichero, mtima ku Cuamba. Akuti kumadutsa sitima ya pamtunda. Sindinaionepo. Ndimaiona ngati nyumba zogwirana manja zikuyenda m'udzu, ine pawindo nditavala nsalu ya kapulana yobiriwira, Leia atagona pamiyendo panga. Mayi andigunda bondo, ati ndikubwezera zofumbwa m'zabwino.

Kusankha nyemba n'kosavuta. Zotsalazo sizikuyang'ana.

Lachinayi, 6 Juni

Ndakawauza malume Alawi, ndawapeza akusoka ukonde. Anditalikitsira nkhani. Ati sinkhasinkha, mlendo ndi mame, anthu a boma lero ali pano mawa kulibe. Kenaka ati komatu munthuyo ulemu ali nawo, anawatsuka chilonda cha pamwendo osanyansidwa. Pomaliza: "Sitikuletsa, sitikukankha. Zili kwa iwe."

Zili kwa iwe. Mawu opepuka pakamwa. Tanthauzo lake, zikadzavuta usadzatiloze chala.

Lachisanu, 7 Juni

Ndaiwala ndowa kudooko. Wakaitenga ndi Leia.

Loweruka, 8 Juni

Pochapa, amayi awiri kuseri kwa bango samadziwa kuti ndilipo. Wina akuti anatsimikiza kale uyo, akungodzikometsa. Mnzake akuti wosiya mayi wake wosaona n'kutsata mwamuna alibe mutu. Andiweruza, amaliza, ayanika zovala zawo. Ine mwini nkhani ndikadali m'madzi ofika m'mawondo, osadziwa.

Ndamufunsa Leia mozungulira. Wafunsa ngati ku Cuamba kuli nyanja yosambira. Ndati kulibe. Kenaka wafunsa kuti agogo aziwatungira madzi ndani.

Lamlungu, 9 Juni

Mayi anandipempha kuti ndiwatsogolere kumunda wa chinangwa. Sanazule kanthu. Angokhala pa mzere, nkhope kudzuwa, n'kuyamba za kale. Ati pothawa nkhondo kupita ku Likoma sanasankhe, anangonyamulidwa. Pobwerera kuno bambo anga anangoti mawa tikwera boti, iwo n'kumanga katundu. Ngakhale ukwati womwe, anagwirizana ndi akuluakulu, iwo anangouzidwa.

"Iwe akukufunsa, mwanangu. Ine sanandifunsepo munthu. Usandiike pa sikelo yako, ndine wolemera, ndipendeketsa zonse."

Ati analankhula kale ndi mng'ono wanga Ines wa ku Meluluca. Chimusiyire mwamuna wake akuvutika yekha ndi ana, angakonde kubwera kudzakhala pano. Ndafunsa ngati ndiye kuti akundilola. Ati iwo sanafunsiridwe, alola chiyani.

Pobwerera anandigwira phewa, ine patsogolo. Njira yonse ndimamva ngati tikuyenda pansi pa madzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinakwera shapa, minibasi ya m'mawa, kupita ku Metangula. Ndinawapeza a Firmino ali ndi mzere wa amayi ndi makanda, ndiye ndinakadikira pa benchi pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa likudontha m'masamba. Ndinawodzera pang'ono.

Atatuluka anakhala kumapeto kwa benchi, osafunsa kanthu. Mawu onse amene ndinakonza m'shapa anathawa. Ndinangoti, "Mutumize munthu kwa malume Alawi. Nkhani zotere sapita mwini wake."

Anati kuno alibe m'bale. Ndinati apemphe a Bernardo, mlonda wa pachipata, ndi munthu wamkulu ndipo amadziwa kulankhula. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavala, kuwavulanso. Anandigwiritsa chomvera m'chifuwa chija amakoleka m'khosi kuti apeze mpango m'thumba. Pomwepo anawaitana m'kati, mwana wina wakomoka, anathamanga. Ndinadikira, iwo osatuluka. Shapa yomaliza inayamba kuimba hutala.

Ndafika nacho kunyumba. Mawa ndiyenera kukabweza.

Pano Leia wachikoleka m'makutu, wawauza agogo ake kuti asapume, akufuna amve bwino.