Abwana Akana...

Lolemba, 9 Juni

Lero dalaivala wachitatu wabwera kudzafunsa za tchuthi chake, ndipo Anti a makiyi, mlembi wathu, atsegula mafayilo imodziimodzi mufoda ya imelo mpaka tiyi wanga kuzizira. Kutsegula, kuwerenga, kutseka, "si iyi." Ndinaphunzira zaka zonse zija kuti ndizionerera zimenezi? Nthawi yanga yoyesedwa ikutha mwezi uno, ndipo chimene ndasintha muofesi muno ndi malo a ketulo basi.

Ndawauza kuti fayilo iliyonse ikhoza kukhala ndi kachizindikiro kake mkati, konena pomwe yafika, ndipo kakhoza kumaoneka pamndandanda wa foda osatsegula. Anti akuti, "Mwanangu, iwe udye kaye."

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapita kwa mkulu wa makompyuta. Pano amamutcha Zimitsa-Yatsa, chifukwa ndiwo mankhwala ake pa nthenda iliyonse. Akuti zimene ndikunenazo sizitheka. Sanatembenuke n'komwe.

Zitheka.

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku lonse danga limene ndawonjezera pamndandanda wa foda kuti kachizindikiro kazionekamo lili mbee, lopanda kanthu. Mufayilo ndinalemba dzina la kachizindikiro kuti "Ili kwa", mufoda ndinalemba "Ilikwa". Kampata kamodzi kokha! Chinanso, fayiloyo iyenera kuponyedwa mufoda yokha, osati yomata ku imelo. Nditakonza, mawu anatulukira okha pambali pa dzina la munthu aliyense. Ndinaimirira kufuna woti ndimuonetse. Onse anali ku nkhomaliro.

Mawu ake ndasankha atatu: Yalandiridwa. Abwana akanali nayo. Yavomerezedwa. Aulemu, osaloza munthu chala, ngakhale aliyense akudziwa pomwe mapempho amagona.

Lachinayi, 12 Juni

Ndaika maonekedwe atsopano kuti aliyense aziona, ngakhale pa kompyuta ya kuchipinda cha madalaivala. Sindinapemphe chilolezo. Ndikanapempha bwenzi pempho langalo lilinso pamulu.

Kunyumba ndinafotokozera achemwali. Akuti, "Ndiye akukweza?" Alamu akuti ayi, andipatsa ntchito ya anthu awiri. Aziseka.

Lachisanu, 13 Juni

Palibe wandiyamika. Palibenso dalaivala amene wabwera kudzafunsa kanthu. Umboni ndi umenewo.

Lolemba, 16 Juni

Ndafika m'mawa malole onse ali pabwalo, injini zozima, madalaivala atakhala pamatayala. Wamkulu wawo, amene timawatcha Atsogoleri, anandiimitsa pageti. "Achemwali a digiri, inu ndi amene mwatithandiza. Kale timangoti akuchedwa. Pano taona ndi maso kuti akukana tonse."

Ndinathamangira kuchipinda chawo. Sikirini yawo ndi kakale kaja, kakang'ono ngati zenera la bafa. Danga langa lapanikizika, mawu adukira panjira. Mzere uliwonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi: "Abwana akana..."

Pa laputopu yanga zonse zimaoneka bwinobwino. Sindinaganizeko zokayang'ana kwawo.

Ndinakoka malire a danga ndi mausi, mawu onse n'kutuluka. Atsogoleri anawerenga kawiri. "Akanali nayo. Chichokereni Epulo?" Ndiye m'malo mokwera malole, anakhalanso pansi. Wina, wamng'ono uja wa lole yamafiriji, anali atauza kale akuchikazi Loweruka kuti mwambo wa ukwati usunthe chifukwa kuntchito amukaniza tchuthi. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kufunsa ngati ndingawaimbire ine apongozi akewo.

Anti akuti bwenzi nditalemba "akadali". Zoona. Chilembo chimodzi. Kwathu timati akanali, ndiye ndilakwe kubadwa?

Lachiwiri, 17 Juni

Abwana anabwera dzulo masana kuchokera ku msonkhano, n'kupeza katundu sanatuluke. Anasaina mapempho onse ataimirira, pa boneti ya galimoto yawo. Ntchito ya miyezi, yatha cholembera chisanatenthe. Ine ndinkafuna zimenezi kumene, koma osati chonchi.

Lero andiitana. Sanandipatse mpando. "Ndani anakutuma kundiika pakhoma?" Ndinayamba kufotokoza za m'lifupi mwa danga. Anandidula. "Ndionetse pomwe umalemba."

Ndinawaonetsa. Anayesa okha kawiri, kachitatu anakhoza. Akuti kuyambira pano mawu onena za iwo azilemba okha, ndipo akakana azilemba kuti akana, palibe chobisa.  Ndinafunsa za ntchito yanga, chifukwa pakamwa panga sipamva. Akuti, "Mwezi sunathe."

Apongozi aja ndawaimbira. Mayi ake a mkwatibwi anandisunga pafoni mpaka khutu kutentha. Akuti kampani yathu imasewera ndi ana a anthu, ndipo holo yochitira ukwati anabweza kale.

Lachitatu, 18 Juni

Zimitsa-Yatsa akuuza anthu mukhonde kuti iye anachenjeza. Anachenjeza liti? Kenako wadutsa pa kompyuta iliyonse "kukonza", ndipo danga labwerera kupanikizika kwake konse. Ndamuuza. Akuti ndizimitse, ndiyatse.

Lachisanu, 20 Juni

Madalaivala ayamba kundipatsa moni wakuti "Mwakana bwanji, achemwali?" Ndimayankha kuti ndakana bwino, kaya inu. Nanga nditani.

Wamafiriji wapeza holo ina, yaing'ono. Sanandiitane.

Lachinayi, 26 Juni

Anti andikodola ndisanaike chikwama pansi. "Tabwera, mwanangu, chinthu chako chija chalankhula."

Kalata yopempha kuti anditsimikizire ntchito yalowa mufoda m'mawa uno. Dzina langa, tsiku, ndipo pambali pake, molemba abwana eni ake: "Abwana akana..."

Pamwamba pake pali pempho la mlonda, mawu omwewo. Anti anakoka malire a danga dzulo, linali kukana kwenikweni.

"Ndikoke?" anatero, dzanja lili pa mausi. Aphunzira, sakutsegulanso mafayilo.

Ndinati dikirani kaye. Ndinapita kukatenthetsa madzi, ndinatsuka makapu a anthu onse, ngakhale ya Zimitsa-Yatsa. Ndikulemba izi nditakhala pampando wa alendo, moyang'anana ndi msana wa sikirini yawo. Anti akumwa tiyi, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Asuntha mpando wawo kuti ndidzakoke ndekha.