Singano Ziwiri Kumsana kwa Atate

Lolemba, 10 Juni 2024

Nalishebo, mkazi wa mlongo wanga Josiah, wafika masana kuchokera ku Lusaka kumene ndi namwino. Wapeza Atate pampando wawo uja, atapinda thupi, pilo pamimba. Khansa ya kapamba siwalola kukhala mwanjira ina. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano ndikuwapatsa mofini, mankhwala oletsa ululu, maola anayi alionse. Pa buleki ndimathamanga kuchoka kusukulu kubwera kunyumba kuno ku Railways, m'tauni ya Kabwe, choko ali m'manja. Iye wangowaona mphindi khumi basi, n'kunena kuti pali jakisoni wakumsana wochepetsa ululuwu, ndipo dokotala wake amamudziwa.

Atate anamugwira dzanja n'kuti, "Mwana wanga, Mulungu wakutuma." Ine ndinali pakhomo ndi beseni.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndawerenga za jakisoniyo. Kuseri kwa chifu, pafupi ndi msana, kuli mtolo wa mitsempha umene umatumiza ululu wa m'mimba ku ubongo. Wodwala amagona chafufumimba, dokotala amalowetsa singano ziwiri zazitali akuyang'ana pa makina, n'kuthira spiriti yoti iwotche mitsemphayo. Khansa siichira, koma ululu umachepa kwa miyezi ingapo, mofini nayenso amachepetsedwa.

Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa bayoloje. Mitsempha imeneyi ndaijambulapo pa bolodi. Chifukwa chiyani sindinaziganize ineyo?

N. waphika phala. Adya masupuni asanu ndi limodzi. Langa amadya atatu. Ndinawerenga, inde.

Lachinayi, 13 Juni

Atipatsa tsiku, Lachisanu la sabata yamawa. Chikalata chovomerezera chili m'Chingelezi, ndipo Atate sasaina kanthu ine ndisanawafotokozere m'Chichewa cha kwathu. Ati Chinyanja cha N. ncha m'minibasi. Apo mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

Ndinayamba bwino. Anamva msanga, poti ankagwira ntchito ya njanji, ati zili ngati kudula waya wa siginolo, sitima ikubwera koma belu silikulira. Kenaka ndinafika pa zoopsa: kutsegula m'mimba, chizungulire, ndi kuti mwa anthu ochuluka kwambiri mmodzi miyendo imafooka. Ndinachedwapo pa miyendoyo. Atafunsa kuti spiritiyo nchiyani, ndinawauza kuti ndi chinthu chomwe chija chimaledzeretsa mu kachasu, koma chosasungunula.

Ndi zoona. Koma ndimadziwa amene ndikumuuza. Atate ndi mkulu wa mpingo. Bambo awo, amene anachoka ku Dowa kudzagwira ntchito mu mgodi kuno, anafa ndi kachasu ku komboni ya Makululu, ndipo Atate analumbira pamanda kuti dontho silidzalowa m'thupi mwawo. Zaka zoposa makumi asanu asunga.

Anabweza cholembera.

Lachisanu, 14 Juni

N. wandipeza ndikuchapa mashiti.

"Ba Clara, mwabauza chani ba Tata? Dzulo benze okondwa."

Ndinati ndawauza zimene zalembedwa, munthu ali ndi ufulu wodziwa. Iye anangotenga mbali ina ya shiti kuti tifinye. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 16 Juni

Sitinapite kutchalitchi. Ululu unayamba ola lathunthu nthawi ya mofini isanakwane. Anagwada pansi, mutu pampando, akuluma pilo kuti anthu odutsa pamsewu asamve. Ndinawasisita msana monga mwa masiku onse. Sizinathandize. Mofini wowonjezera anawasokoneza mutu, anayamba kunditcha dzina la malemu Amayi ndi kufunsa ngati sitima ya ku Livingstone yalowa.

N. anali kukhitchini pa foni ndi Josiah. Ndinamva akuti, "Sininga bakakamize, ni batate bao." Bambo awo, kunena ine, osati ake. Mawu amene ndakhala ndikufuna kumva sabata yonse, ndipo sanandikomere.

Lolemba, 17 Juni

Ndalakwitsa chithunzi cha impso pamaso pa Giredi 11. Ana anandikonza.

Lachiwiri, 18 Juni

M'mawa mutu wawo unali bwino. Ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Ndinawafotokozeranso, nthawi ino monga ndimachitira ndi mwana amene ndikufuna kuti akhoze. Spiritiyo sidutsa pakamwa, siikidwa m'chifu, cholinga chake si kuledzeretsa. Ndi yomwe ija anesi amawapukutira pakhungu asanawabaye, ndipo Atate sanaikanepo. Za miyendo, ndinawauza kuti nzosowa kwambiri, koma ululu uwu ndi wa tsiku lililonse.

Anafunsa chifukwa chake sindinanene choncho Lachinayi.

Ndinati, "Nalishebo munamutcha mwana wanu."

Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Iwe Clara, mayi wa imvi, ukulimbirana ine? Mafupa awa?"

Sanandipepese, inenso sindinalire. Anati ndiitane abusa a Morgan amve nawo, lumbiro si la munthu mmodzi. Abusa anabwera madzulo, anamvetsera, n'kunena kuti iwo sanaonepo munthu akumwera kumsana. Atate asaina. Chikalatacho anapatsa N. kuti asunge, poti chikwama chake chili ndi zipi. Changanso chili nayo.

Lachisanu, 21 Juni

Tinanyamuka m'mawa kupita ku Lusaka pa galimoto ya Josiah, Atate atatsamira pa ine msewu wonse. Pachipatala anati mmodzi yekha ndiye awaperekeze mpaka pakhomo la chipinda chobayira jakisoni. Analowa N., poti ndi wa ntchito. Ine ndinatsala pabenchi ndi nsapato zawo pamiyendo, mphindi makumi asanu.

Atate anatuluka ali maso, akudandaula kuti tebulo linali lozizira. Miyendo yonse iwiri ikugwedezeka bwinobwino, ndinayang'ana kawiri. Pofika masana anati ululu uli kutali, ngati uli m'nyumba ya aneba. Anapempha tiyi ndi buledi. Anathokoza dokotala, anathokoza N. katatu. Ine anandifunsa ngati ndabweretsa magalasi awo. Chinandilasa, sindinama.

Loweruka, 22 Juni

Tabwerera ku Kabwe. Atsegula m'mimba kawiri, monga tinauzidwa. Akaimirira msanga amachita chizungulire, choncho BP iyenera kuyezedwa m'mawa ndi madzulo. Mofini dokotala wati tichepetse pang'onopang'ono, osati kamodzi.

N. akubwerera ku ntchito mawa. Wandisiyira makina ake oyezera, akuti ine ndine ndili pano. Anandionetsa kamodzi mofulumira, monga amachitira anamwino, n'kuyamba kupinda lamba.

Ndinamuuza kuti sindinamve. Mlamu, bwerezani, pang'onopang'ono. Ndinapinda mkono wa bulauzi n'kumupatsa dzanja langa.