Besi ya Stacy ndi nambala 56

Lolemba, 14 Ogasiti 2023

Nyimbo pa chimbale: 6
Utali wonse: mphindi 47
Yaitali kuposa zonse, yachinayi: mphindi 11
Oyimba: 4
Miyezi imene Stacy wayeserera m'chipinda changa chosokera: 5
Madandaulo a aneba: 9, mwa amenewa 7 ndi a a Friday okha
Masiku otsala: 5

Mdzukulu wanga Stacy wabwera kuchokera ku situdiyo ya a Kingstone ku Chilobwe ali ndwii, fulashi ili m'manja. Iye amayimba gitala ya besi. Nyimbo zawo akuti ndi progressive metal; kwa ine zimamveka ngati chigayo chophunzira. Gracian, mwini gulu, akuti m'nyimbo yachinayi besi ikusochera. Loweruka atseka ntchito. Zikapanda kukonzeka afufuta besiyo, aike ya kompyuta, ndipo dzina la Stacy lichoka pachikuto.

Ndamuuza asiye fulashiyo. Akuti, "Agogo, inu mumvapo chiyani?" Masamu ndinaphunzitsa zaka 34, m'kwaya ndayimba zaka 41. Tiona.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Ndamvera katatu pa wailesi ya pabalaza, kawiri pa foni. Magitala ali pamwamba pa chilichonse. Woyimba akukuwa ngati watsekeredwa m'bafa. Pamene payenera kutsika sipakutsika, mphindi 47 zonse mulingo umodzi. M'kwaya tikatero abusa amayang'ana pawindo.

Besi sindikuimva n'komwe. Munthu wosamveka angasochere bwanji?

Lachitatu, 16 Ogasiti

Popita ku Limbe kukagula ulusi ndakwera minibasi yokhala ndi sipika yaikulu pansi pa mpando. Nzeru zandibwerera pomwepo. Ndapempha adalaivala andiikire fulashi, nyimbo yachinayi. Kondakitala akuti, "Amayi, kodi galimoto yawonongeka kapena ndi nyimboyi?" Mayi wina anali ndi nkhuku, wayamba kupemphera. Mwa anthu 15, awiri atsika pa Chichiri, koma akuti n'komwe amapita.

Besi ndaimvera m'miyendo. Chigawo chimenechi ndimachidziwa, chandigwedezera makapu miyezi 5. Chimagunda kasanu ndi kawiri n'kuyambiranso, ng'oma nazo chimodzimodzi. Koma apa besi ikamaliza 7 ikudikira kamodzi isanayambenso. Ulendo woyamba yatsalira ndi 1, wachiwiri ndi 2, wachitatu ndi 3. Kenako zikukumananso bwinobwino, n'kuyambanso kusiyana.

Sindinatsike ku Limbe. Ndabwerera nayo minibasiyo mpaka m'tauni kuti ndiwerengenso, pensulo m'manja. Zikukumana pa 56, nthawi zonse. 7 kuchulukitsa ndi 8. Ulusi sindinagule.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Munthu akasochera sasochera mwadongosolo. Ndamuuza Stacy pa kadzutsa, wasiya supuni. Mawa tipita limodzi. Ndasita chilundu cha buluu.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Situdiyo ndi chipinda chimodzi kuseri kwa golosale. Pakhoma pali mathileyi a mazira 112, ndi zithunzi za makwaya 23 amene a Kingstone anawajambula. Munthu waulemu, wandipatsa mpando wake womwe. Gracian anali chilili pakhomo, tsitsi lili mpaka m'mapewa.

Gracian akuti, "Agogo, nyimbozi n'zovuta, si za kutchalitchi." Ndati, "Mwana wanga, 7 ndi 7 ngakhale ku Chilobwe."

Ndapempha a Kingstone atseke zonse, atsale besi ndi ng'oma. Ndawomba m'manja ndikuwerenga mokweza. Pa 56 zakumana. Ndawerenganso. Bennet wa ng'oma wagwa nako kuseka.

A Kingstone akanda mutu n'kuulula. Tsiku lojambula magetsi anaphethira, besi inalowa kaphokoso. Pofuna kuthandiza, anadula kachigawo kamodzi koyera n'kukamata mobwereza nyimbo yonse. Koma mizere ya pa kompyuta yawo inatcheredwa mowerenga zinayizinayi, monga amachitira ndi makwaya, ndiye kachigawo ka 7 kankagwera pa malo a 8. Ndawafunsa ngati sanamve kuti zikuwombana. Akuti, "Ndinamva, amayi. Ndimayesa ndi mmene nyimbo za anawa zimakhalira, ndiye ndinangoitsitsa kuti isasokoneze."

Zimene Stacy anayimba poyamba zinalipo, sanafufute. Aziika. Kaphokoso kali pa malo awiri okha, masekondi 3 ndi 4, ndipo wayimbanso malo amenewo kamodzi n'kutha. Ine manja ali pamiyendo ngati sindikudziwa kanthu.

Kenako Gracian akuti, "Stacy, pepa, ndinalakwa." Stacy akuti, "Bwereza, a Kingstone ajambule."

Popeza ndinali kale pampando, ndanena zanga zina zitatu. Magitala atsike kuti besi ipeze podutsa. Woyimba atuluke m'bafa. Pakati pa nyimboyo, pamene gitala imatsala yokha, pakhale pansi ndithu, kuti zikabwerera zonse munthu adzidzimuke. A Kingstone akuti achinyamata amafuna zokwera paliponse. Ndati mukathira mchere m'ndiwo, mu tiyi ndi m'madzi akumwa, ndani adziwe kuti muli mchere? Ayesa. Zitabwerera ng'oma, ine amene ndinapempha ndalumpha pampando.

Loweruka, 19 Ogasiti

Stacy wabwera masana ndi fulashi yatsopano ndi pepala la chikuto. Dzina lake lilipo, lachitatu. Pansi penipeni alemba timalemba tating'ono, ndachita kuvala magalasi: "Wowerenga: agogo Marjorie." Ndamuuza kuti asiya dzina la bambo. Akonza.

Iye atapita kwa anzake ndaika nyimbo yachinayi pa wailesi ya pabalaza, kungofuna kutsimikiza. Besi ikumveka tsopano, ikuyenda ndi ng'oma ngati anthu awiri onyamula tebulo limodzi. Ndakweza pang'ono. Ndakwezanso. A Friday agogoda pawindo, akuti, "Uzani mdzukulu wanuyo atsitse." Ndawauza kuti mdzukulu kulibe. Andiyang'ana nthawi yaitali. Ndawapempha adikire mphindi 4 zotsalazo.

Nyimbo: 6
Zokonzedwa: 1 yonse, 5 pang'ono
Maulendo a minibasi: 4
Ulusi: 0
Kupepesa kwa Gracian: 2, kumodzi kojambulidwa
Mayina pachikuto: 4, wosakaniza mawu 1, wowerenga 1, onse 6
Madandaulo a aneba: 10, lomalizali ndi langa

Marjorie Alufandika
Naperi